Oyenda Patsogolo pa Alendo: Mbiri ya Maulendo Okaona Nyama ku Malambo

Mtsinje wa Luangwa sugona malo amodzi. Mvula ikagwa kumapiri a Mafinga kumene umachokera, madzi amatsika ofiira ndi matope, n'kugumula gombe ili, n'kuunjika mchenga gombe linalo, mpaka pamene panali mtsinje masiku a agogo pamatsala thamanda lokhota, lodzaza mvuu ndi ng'ona. Chigwa chimene mtsinjewu umadutsamo m'boma la Mambwe eni ake amachitcha Malambo. Ndi dziko lotsika ndi lotentha zedi, makamaka mu Okutobala mvula isanagwe. Kumadzulo kuli mapiri a Muchinga, kum'mawa mtunda umakwera pang'onopang'ono mpaka ku Chipata. Dothi la m'mbali mwa mtsinje ndi makande: m'dzinja limameza matayala a galimoto, m'chilimwe limauma gwa ndi kung'aluka, mapazi a njovu atasiyamo maenje otha kumuthyola munthu mwendo. Dziko lotere mlendo saliyenda yekha. N'chifukwa chake ntchito yoperekeza alendo kuno ndi yakale kuposa paki, kuposa maloji, kuposa ngakhale dzina lakuti Zambia.

Kumaiko ena operekeza alendo amadyera miyala ya makolo awo. Ku Jaisalmer, mzinda wa m'chipululu cha Thar ku India umene Rawal Jaisal anaukhazikitsa mu 1156, mlendo amalipira munthu woti amuyendetse tsiku lonse kumuonetsa linga la pa phiri, akachisi ndi nyumba zosemedwa za amalonda akale. Woperekezayo amadzuka mtima uli m'malo, pakuti linga amalipeza pamene analisiya dzulo. Mnzake wa ku Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa muno, alibe mtendere wotere. Chimene mlendo wake walipirira chili ndi miyendo, chimayenda usiku wonse, ndipo chikakwiya chimapha. Ayenera kuchifunafuna mwatsopano m'mawa uliwonse, poyang'ana pansi, pomvera mphepo ndi kukuwa kwa anyani. Luso limenelo linali kuno kale, m'manja mwa alenje.

Akunda, eni ake a dera lino, amati makolo awo anachokera kumadzulo, kumbali ya Aluba, ndipo anakhalako pakati pa Abisa asanawoloke Luangwa motsogoleredwa ndi Mambwe, amene boma la lero linatengera dzina lake. Izi zinachitika m'theka loyamba la zaka za m'ma 1800. Lero dziko lawo lili m'manja mwa mafumu asanu ndi imodzi: Nsefu, amene ndi mfumu yaikulu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Tisawasokoneze ndi Achikunda a ku Zambezi, asilikali ndi alenje a m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi, ngakhale maina akufanana ndipo njira zawo zinakumana m'chigwa chomwechi. Akunda ankalima mapira m'dothi lachonde la m'mbali mwa Lupande ndi mitsinje ina, koma ng'ombe sankaweta chifukwa cha kashembe. Nyama ya ndiwo inkachokera kutchire.

Ulenje sunali wa aliyense. Mnyamata ankauphunzira kwa malume ake kapena kwa fundi wodziwika, kuyamba ndi kunyamula nkhwangwa ndi madzi, kuyenda kumbuyo, pakamwa pali tseke, maso ali tcheru. Ankaphunzira kusiyanitsa phazi la dzulo ndi la m'mawa uno, kuswa ndowe ya njovu ndi kuigwira m'kati kuti adziwe ngati mwini wake ali pafupi, kuwaza phulusa m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera. Ankaphunziranso miyambo yake: zosala asanalowe m'tchire, kutchula mizimu ya alenje akale, ndi lamulo lakuti njovu ikagwa, nyanga imene yagunda pansi ndi ya mfumu mwini dziko. Stuart Marks, amene anakhala pakati pa Abisa a kwa Nabwalya kutsidya kwa mtsinje kuyambira m'zaka za m'ma 1960, analemba mwatsatanetsatane mmene luso lotere linkayendera m'mabanja. Aliyense amene wayendapo kumbuyo kwa gaidi wa masiku ano azizindikira zonsezi. Chasintha n'chakuti phulusa tsopano amaliika m'kabotolo kapena m'kathumba, ndipo nyama akaipeza amailoza ndi kamera.

Alendo oyamba olemba mabuku anadutsa m'chigwachi ali pa ulendo wopita kwina. Mu 1798 Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete kulowera kwa Mwata Kazembe, akufuna njira yodulira Africa kukafika ku Angola. Anawoloka Luangwa akudwala malungo, akudandaula za amtengatenga amene ankamuthawa, ndipo anamwalira chaka chomwecho atangofika m'dziko la Kazembe. Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yomweyo mu 1831 ndi 1832. David Livingstone anawoloka mu Disembala 1866, mvula itayamba, ndipo anagoma ndi kuchuluka kwa nyama ndi mbalame. Mabuku a anthu amenewa ndi odzaza maina a mitsinje, mitengo ndi mafumu. Koma amene anawauza mainawo, amene anawalozera dooko losazama, amene anakambirana ndi mwini bwato m'malo mwawo, kawirikawiri sanalembedwe. Amenewo ndiwo anali operekeza alendo oyamba a ku Luangwa, ndipo malipiro awo anali mkono wa nsalu kapena mikanda.

Zaka za kumapeto kwa m'ma 1800 zinali zowawa. Malonda a minyanga ndi akapolo analowetsa mfuti za gogodera m'chigwa. Achikunda ankakwera kuchokera ku Zumbo ndi Feira, Angoni a Mpezeni ankatsika kuchokera kumtunda kudzalanda chakudya ndi anthu. Njovu zinachepa kwambiri. Kenaka m'zaka za m'ma 1890 kunagwa mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest, umene unasesa njati ndi nyama zina zambiri kum'mawa ndi kum'mwera konse kwa Africa. Azungu a British South Africa Company atagonjetsa Mpezeni mu 1898 n'kumanga likulu lawo ku Fort Jameson, Chipata ya lero, anapeza chigwa chotopa, nyama zili zochepa. Amene amauza alendo kuti Luangwa ndi tchire limene lakhala chimodzimodzi chilengedwere saidziwa mbali imeneyi.

Malo oyamba osungirako nyama anaikidwa mu 1904, makamaka pofuna kuteteza kagulu ka nyamalikiti kamene kanatsala. Nyamalikiti ya mtundu umenewu, imene sipezeka kwina kulikonse kunja kwa chigwachi, inapatsidwa dzina la Harry Thornicroft, mkulu wa boma la atsamunda amene anaombera imodzi n'kutumiza chikopa chake ku London. Taonani mmene mbiri imalembedwera: nyama imene Akunda ankaidziwa kalekale inatchuka ndi dzina la munthu amene anaiombera. Malowo sanakhalitse, anafafanizidwa mu 1911. Nthawi yomweyo chigwa chinamveka ndi china choipa, matenda a kaodzera. Kachilombo ka mtundu woopsa wa matendawa kanadziwika mu 1910 m'magazi a mzungu amene anawatengera ku Luangwa, ndipo madokotala Kinghorn ndi Yorke, atafufuza ku Nawalia, anatsimikiza kuti kashembe wa m'tchire lino ndiye amakafalitsa atakayamwa m'nyama. Kwa zaka zambiri Luangwa anali malo amene mzungu wokonda moyo wake ankawalambalala.

Pa 27 Meyi 1938 boma la Northern Rhodesia linakhazikitsa malo atatu osungirako nyama: South Luangwa, North Luangwa ndi Lukusuzi. Ku ofesi inali nkhani yolemba mizere pa mapu. M'midzi inali nkhani ya kusamuka, kusiya manda a makolo ndi madimba, ndi kumva kuti nyama imene agogo ankadya tsopano ndi mlandu. Mpaka lero woyenda pansi m'paki amapeza mapale a mbiya ndi mphero zakale pamene panali mabwalo a anthu. Pofika nthawiyo njovu zinali zitaswananso ndipo zinkatha minda, choncho boma linalemba alenje oti azizithamangitsa ndi kuombera zovutitsa. Ntchito yeniyeni ankaigwira ndi mafundi a m'chigwa momwemo, atapatsidwa mfuti za boma, owayang'anira ali azungu owerengeka. Mmodzi mwa azungu amenewo anali Norman Carr.

Carr anabadwira ku Chinde, pa mathiriro a Zambezi ku Mozambique, mu 1912. Ali mnyamata anali mlenje wa njovu wotheratu, ndipo iye mwini sankabisa zimenezo. Anagwira ntchito yothamangitsa njovu m'chigwa, anapita ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'gulu la King's African Rifles, n'kubwerera ku dipatimenti ya nyama. Anthu a kuno anadzamutcha Kakuli, dzina la njati yamphongo yokalamba imene yasiyana ndi gulu. Zimene anaona m'midzi zinamuphunzitsa chinthu chimodzi chimene akuluakulu ake ku Lusaka sankachimvetsa: munthu amene njovu yamudyera mapira, iye osapezapo kanthu pa njovuyo, sangaisunge ngakhale mutamuopseza ndi ndende.

Cha mu 1950 Carr anakambirana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu kuti ipatule gawo la dziko lake kum'mawa kwa mtsinje, likhale la nyama, alendo azibwera kudzaona n'kumalipira, ndalamazo zizilowa m'thumba la ufumu wa Akunda. Mfumu inavomera. Msasa wa Nsefu unamangidwa, woyamba mu Northern Rhodesia monse wolandira anthu obwera kudzangoona nyama, ndipo tinyumba take tozungulira ta mu 1951 tikugonedwabe mpaka pano. Masiku amenewo munthu akati safari ankanena mfuti, zikopa ndi mitu yopachika pa khoma. Zoti wina angatulutse ndalama kuti angoyang'ana njati n'kubwerera chimanjamanja, ambiri ankaziyesa misala.

Akale anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Carr anabwera nako ndithu. Koma m'timabuku ta m'maloji nkhaniyi imakambidwa ngati kuti mfumu inangogwedeza mutu. Dziko linali la Akunda. Amene ankayenera kuyankha mafunso a anthu ake, amene akanatukwanidwa zinthu zikanapanda kuyenda, anali Nsefu. Ine ndimaona kuti chiyambi cha maulendo okaona nyama ku Zambia chili ndi eni ake awiri, ndipo mmodzi wa iwo sanapatsidwe ulemu womuyenera.

Carr anachokako kwa kanthawi kukayang'anira paki ya Kafue, kumene analera ana a mkango awiri, Big Boy ndi Little Boy, amene anadzawamasula ku North Luangwa. Nkhaniyo anailemba m'buku la mu 1962 limene linamutchukitsa kunja. Atasiya ntchito ya boma anakhazikika m'chigwa, ndipo m'zaka za m'ma 1960 anayamba chimene Luangwa akudziwika nacho mpaka lero: kuyenda pansi ndi alendo pakati pa nyama, kuchoka pa msasa uwu kukagona pa wina. M'zaka za m'ma 1970 maulendowa ankanyamukira ku msasa wa Chibembe, kumpoto kwa Nsefu. Kwa munthu wa ku Malambo panalibe chachilendo, poti amayi ankayenda njira zomwezo ndi mitolo pamutu. Chodabwitsa chinali chakuti munthu wochokera ku London ankachita kulipira kuti ayende motero.

Mzere wa ulendo woyenda pansi unakhazikika nthawi imeneyo ndipo sunasinthe. Patsogolo pamayenda sikauti wa boma ndi mfuti. Pambuyo pake gaidi, kenaka alendo mmodzimmodzi, kawirikawiri osapitirira asanu ndi mmodzi, ndipo kumapeto mnyamata wonyamula ketulo, makapu ndi mabisiketi, amene amakoleza moto pansi pa mtengo dzuwa likakwera. Wa tiyiyo musamuderere, ndiye amayang'anira zochokera kumbuyo. M'masiku oyamba mzerewu unkaonetsa bwino mmene dziko linalili. Wolankhula ndi alendo, wolandira ulemu ndi ndalama ya zikomo, anali mzungu. Wodziwa kumene mkango wagona, woima pakati pa njovu yolusa ndi anthu, anali wakuda, ndipo alendo ambiri ankachoka osadziwa dzina lake lenileni. Tchire ankalidziwa bwino lomwe. Chomulepheretsa kutenga malo a gaidi chinali Chingerezi ndi sukulu. Sukulu m'chigwa zinali zochepa ndi zotalikirana, ngakhale kuti mishoni ya Anglican ku Msoro inayamba kale, m'manja mwa wansembe Leonard Kamungu wochokera ku Nkhotakota, amene anamwalira komweko mu 1913.

Amene sanayendepo pansi pakati pa nyama sangamvetse chifukwa chimene anthu amawolokera nyanja kudzatero. Uli pa galimoto njovu umangoionera. Ukaima nayo pa dothi limodzi, mphepo n'kutembenuka, chitamba n'kukwera m'mwamba kukununkhiza, mtima umagunda kuti thi thi thi. Malamulo ndi ochepa: kuyenda mwakachetechete, kusavala zoyera kapena zowala, kumvera sikauti, ndipo lalikulu pa onse, kusathamanga zivute zitani. Gaidi wabwino sajijirikira zikuluzikulu. Amaima pa chulu kufotokoza mmene chiswe chimalimira bowa pansi, amatola chipatso cha mvunguti n'kutchula nyama zimene zimachidya, amaonetsa ndowe ya fisi yoyera ndi mafupa, amaloza pamene nyalugwe anakokera nswala kukwera nayo mu mtengo. Mlendo wa phuma, wofuna mkango isanakwane 8 koloko, amabwerera atakhumudwa. Wodekha amabwerera atadziwa chifukwa chimene mitengo ya tsanya ilili yaifupi pamene njovu zimadya, ndi chimene nswala ikunena ikafwenthera kawiri n'kuyang'ana mbali imodzi.

Ufulu wa 1964 unabwera ndi pulezidenti wokonda chigwachi. Kenneth Kaunda ankabwera ku Mfuwe kudzapuma ndi kudzachita misonkhano, ndipo loji ya Chichele, pamwamba pa kaphiri m'kati mwa paki, inamangidwira iye. Mu 1972 South Luangwa inasanduka paki ya dziko lonse, ya masikweya kilomita 9,050, dera la Nsefu litaphatikizidwamo. M'zaka zomwezo kunamangidwa mlatho wa pa Luangwa ndi bwalo la ndege la Mfuwe. Koma m'kusintha konseko pangano la Nsefu lija linamira. Maofesi a mafumu a nthawi ya atsamunda atathetsedwa, ndalama za pa geti zinayamba kulowera ku Lusaka, ndipo mwana wa kwa Nsefu anatsala ndi njovu m'munda, m'thumba muli mbee.

Zotsatira zake sizinachedwe. Njovu zinali zitachuluka kwambiri moti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma linkachita kuzipha dala ku Kakumbi pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo akatswiri ataziwerenga pa ndege mu 1973 anapeza pafupifupi 86,000 m'chigwa. Kenaka mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, chuma cha Zambia chinalowa pansi, dipatimenti ya nyama inasowa mafuta ndi zipolopolo, mtengo wa minyanga kunja uli kukwera. Magulu a anthu a mfuti za nkhondo analowa m'chigwa. Pasanathe zaka 15 njovu zambiri zinali zitatha. Chipembere, chimene chinalipo m'zikwizikwi, chinatheratu, ngakhale Carr, Phil Berry ndi anzawo anayesetsa kudzera m'bungwe la Save the Rhino Trust. Mu 1998 Zambia inavomereza kuti ilibenso chipembere chakuda, ndipo zimene zili ku North Luangwa lero zinachita kubwera pa ndege kuchokera ku South Africa kuyambira mu 2003. Tisanamizane: ambiri amene ankalondolera magulu opha njovu aja anali ana a m'chigwa momwemo, a luso lomwelija la makolo. Wa minyanga ankalipira, paki sinkalipira.

Boma linaletsa kusaka njovu mu 1982, ndipo mu 1989 maiko anagwirizana kutseka malonda a minyanga. Koma chimene chinathandiza kwambiri kuno chinali kubwerera ku nzeru ya Nsefu ndi Carr. Mu 1986 kunayamba ntchito ya Luangwa Integrated Resource Development Project, ya ndalama za ku Norway, ndipo pambali pake panali ntchito ina yotchedwa ADMADE, zonse zofuna kuti phindu la nyama lifike kwa anthu okhala nazo, monga a m'dera la Lupande. Achinyamata a m'midzi analembedwa usikauti, ena mwa iwo alenje otembenuka. Kuyambira mu 1996 gawo lalikulu la ndalama za alenje olipira linkafika m'midzi ya Lupande, anthu n'kumakangana pansi pa mtengo ngati agawane kapena amange sukulu. Dongosolo limenelo linafooka bungwe loyang'anira nyama la ZAWA litatenga ulamuliro kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo kuyambira mu 2016 nyama zabwereranso m'manja mwa dipatimenti ya boma, DNPW. Madandaulo a ndalama zochedwa kufika ku mabodi a m'midzi sanathe.

Mbali ya alendo inkakula pang'onopang'ono m'zaka zomwezo. Carr anamanga loji ya Kapani mu 1986, n'kuyambitsa thumba lolipirira ana sukulu. Robin Pope, amene anaphunzira ntchito m'maulendo oyenda pansi a m'zaka za m'ma 1970, anayamba kampani yake ku msasa wa Tena Tena. Derek Shenton anamanga msasa wa Kaingo, John Coppinger anamanga wa Tafika, ndipo pafupi ndi mlatho panabwera misasa yotsika mtengo ya oyenda ndi zikwama kumsana. Carr anamwalira mu 1997, ntchito yake itabala ana ambiri. Koma maina ndatchulawa akuonetsa okha amene anali eni ake a malondawo.

Chimene chinapereka mpata kwa ana a m'chigwa ndi mayeso. Eni maloji, kudzera m'bungwe lawo la Luangwa Safaris Association, mogwirizana ndi a boma, anakhazikitsa mayeso a ugaidi amene amamveka kuti ndi ovuta. Ali m'magawo awiri: lina limapereka chilolezo choyendetsa alendo pa galimoto, linalo, lovutirapo, choyenda nawo pansi. Wolemba ayenera kudziwa nyama, mbalame za mitundu yoposa 400, mitengo ndi maina ake a sayansi, nyenyezi, malamulo a paki, chithandizo choyamba, ngakhale kukonza galimoto ikafera pakati pa mikango. Kenaka amapita naye kutchire, omuyesa atadzisandutsa alendo, kuti aone mmene achitire njovu ikatambasula makutu. Ambiri amalephera koyamba. Koma mayeso sayang'ana khungu, ndipo njira inaoneka. Mnyamata amayamba ndi kutsuka mbale kapena kuthirira maluwa, n'kukwera kukhala wogwira tochi usiku kapena wa tiyi, akuwerenga buku la mbalame pa nyali anzake atagona. Lero magaidi ambiri a ku South Luangwa ndi Azambia, ochuluka mwa iwo obadwira m'midzi ya m'chigwa momwemo. Mu 2006 Manda Chisanga analandira mphotho ya magazini ya Wanderlust ya ku Britain, imene imapikisanitsa magaidi a dziko lonse lapansi. Akazi nawonso alowa, ngakhale akadali ochepa, ndipo kumbali ya kafukufuku Thandiwe Mweetwa, amene anakulira ku Mfuwe, ndi katswiri wa mikango wodziwika mpaka kunja.

Ulendo wa tsiku limodzi monga tikuudziwira lero uli ndi ndondomeko yake. Alendo amadzutsidwa kusanache, geti la pa mlatho limatsegulidwa 6 koloko, ndipo galimoto zopanda mazenera zimayenda mpaka cha m'ma 10 dzuwa likayamba kuswa mtengo. Madzulo zimatulukanso cha m'ma 4, kuima pa gombe dzuwa likamalowa, n'kupitiriza ndi tochi mpaka 8 koloko. Maulendo a usikuwa, amene mapaki ambiri a mu Africa salola, ndiwo anatchukitsa Luangwa kuti ndi kwawo kwa nyalugwe. Amene ali ndi ndalama, makamaka ojambula zithunzi, amalipira galimoto ndi gaidi wawowawo, kuti asakangane ndi ena pa zoti aime pati ndiponso nthawi yaitali bwanji. Amatenga kamba n'kukaswera kutali tsiku lonse, ku akasupe otentha a ku Nsefu kapena kum'mwera ku Kapamba. Apa m'pamene gaidi amayesedwa kwenikweni, pakuti kukhala ndi anthu awiri kuyambira m'bandakucha mpaka usiku kumafuna zambiri kuposa kudziwa nyama: pamafunika kudziwa nthawi yolankhula ndi yokhala chete. Nyengo nayo imalamula. Mu Seputembala ndi Okutobala mbalame zofiira zodya njuchi zimaboola zisa m'magombe, mvuu zitathithikana m'maiwe otsala. Mu Novembala njovu zimalowera pa khomo la loji ya Mfuwe, kudutsa polandirira alendo, kutsata zipatso za mtondo wa kuseri. M'dzinja misasa ya kutchire imapasulidwa, ndipo ena amayendetsa alendo pa boti.

Kunja kwa geti kunabadwanso maulendo ena. Mudzi wa Kawaza unayamba kulandira alendo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kuti adzaone moyo wa Akunda, adye nsima ndi kugona m'nyumba zofolera ndi udzu. Ku Mfuwe alendo amaimanso pa Tribal Textiles, kumene amajambula nsalu pamanja, ndi pa Mulberry Mongoose, kumene amayi amasandutsa waya wa misampha kukhala zibangili. Maulendo a m'mudzi ndi abwino pamene mudzi wokha ukulamulira ndi kusunga ndalama. Amanyansa pamene galimoto ingoima, alendo n'kujambula ana osapempha, kuwaponyera maswiti, n'kumapita. Gaidi wobadwira pomwepo ndiye amatha kuletsa zimenezi, chifukwa mayi akujambulidwa akusinjayo ndi azakhali ake.

Walira mvula walira matope, koma kuno kawirikawiri mvula imagwera ena, matope n'kugwera ena. Njovu imene yasangalatsa alendo madzulo ndi yomweyo imawoloka mtsinje usiku kukathyola nkhokwe kwa Kakumbi. Chaka ndi chaka anthu amafa ndi njovu, ng'ona ndi mvuu. Bungwe la Conservation South Luangwa limathandiza alimi ndi tsabola wothamangitsira njovu ndi nkhokwe zolimba, kwinaku likuchotsa misampha m'tchire, ndipo bungwe la COMACO limagula mpunga, mtedza ndi uchi kwa alimi, ena mwa iwo amene anapereka mfuti ndi waya. Zonsezi zimachepetsa ululu koma sizinauthetse. Ntchito zambiri za m'misasa ndi za miyezi ya chilimwe basi. Madzi osefukira a mu 2007 anamiza misasa ndi minda. Mu 2020 mliri wa Covid-19 utaimitsa ndege, Mfuwe inaona poyera kuopsa kodalira mlendo wa kutsidya kwa nyanja yekha: magaidi odziwa maina a sayansi a mitengo yonse anabwerera kukagwira khasu.

Papita zaka zoposa 70 chiyambire pangano la Nsefu. Mwana wa ku Malambo wafika pa chiwongolero, ndipo m'misasa ina wafika pa mpando wa manijala. Pa umwini ndiye sanafike kwenikweni. Maloji akuluakulu ambiri ndi a ndalama zakunja, mitengo yake ili m'madola, ndipo Azambia amene ayamba timakampani tawo ta galimoto imodzi kapena ziwiri amavutika kupeza ngongole ndi malo a m'mbali mwa mtsinje. Palinso china. Ana ambiri a ku Mfuwe amakula akuidziwa njovu ngati mdani wa m'munda, osalowapo m'paki imene ili pa mtunda woyenda pa njinga. Mabungwe monga Chipembele ndi Project Luangwa amawatengako, koma sangakwanitse onse. Msewu wochokera ku Chipata, wa makilomita pafupifupi 130, tsopano ndi wa tara. Nzika za Zambia zimalipira ndalama yochepa pa geti kuyerekeza ndi alendo akutali, ndipo a ku Malawi ndi maiko ena a SADC nawo ali ndi mtengo wawo wotsikirapo. Inu a ku Chipata, Katete, Mchinji ndi Lilongwe, sonkheranani, mupeze gaidi wa ku Mfuwe wokhala ndi chilolezo, mumulipire bwino, ndipo popita mutenge ana.